Kujambula Apongozi ku Mayani

Nditangoyamba kujambula zithunzi, ndinali ndi lenzi yokoka, ija yoti munthu ali kutali umamubweretsa pafupi uli chiimire. Anzanga a pa intaneti anati imeneyo ndi ya alesi, katswiri amagwiritsa ntchito lenzi yosakoka, ndipo akafuna kuyandikira amayenda yekha. Ndinagula yosakokayo, yakale ija n'kuitsekera m'sutikesi.

Yatsopanoyo ndinakaiyesera pa chinkhoswe cha mlamu wanga, kwawo kwa akazi anga ku Mayani. Kumeneko mkamwini sayandikana ndi apongozi ake aakazi. Tikakumana panjira, wina amapatukira m'chimanga. Koma tsikulo ukatswiri unandikwera m'mutu.

Ndinasendera kuti ndiwajambule apongozi anga, iwo anabwerera m'mbuyo. Ndinasenderanso, diso lili pa kamera. Anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kuzembera kuseri kwa nkhokwe, ine pambuyo ngati ndikuthamangitsa nkhuku yophera alendo. Amayi onse analeka kuimba.

Akazi anga anandikoka malaya. "Kodi mwapenga, bambo?"

Chithunzi chinatuluka chooneka bwino zedi: nkhokwe, ndi chidendene cha apongozi. Lenzi ya alesi ija inkadziwa mwambo kuposa ine.