Dovu pa pulagi yachitatu

Pali chimene abwana anga sadziwa mpaka lelo: kuthetheka kuli mu nyimbo ya kwaya ina ya ku Nyampande sikunabwele ndi fumbi. Kunabwela ndi mwana wanga.

Ndimagwila nchito mu kasitudiyo kojambulila nyimbo kuseli kwa sitolo ya feteleza ku Petauke. Setifiketi yanga ndi ya zamagetsi, koma nchito yeniyeni ndi kupukuta mapulagi, timitu tachitsulo ta mawaya a maikolofoni. Umanyowetsa thonje ndi sipiliti, n'kutikita mpaka thonje litaleka kuda, n'kudikila paume. Thonje amandipatsa azakhali a ku Ndake. Lamulo la abwana ndi limodzi: osauzila pulagi ndi pakamwa, malovu amaitana dzimbili.

Mwana ndimabwela naye chifukwa ndilibe womusiyila. Abwana analola monyinyilika, ati tsiku limene adzasokoneze kujambula, azikatsala kunyumba. Ndiye mwanayo anayamba kumela mano. Chidole anachikana, supuni anaiponya, koma pulagi ya maikolofoni yachitatu, yozizila bwino ija, anaikonda ngati bele. Sabata yonse abwana akatuluka ndinkamupatsa mwanayo, akaitaya n'kuipukuta. Lachisanu ndinaiwala kupukuta. Lolemba m'mawa kwaya inatsika pa lole, ine n'kulumikiza momwemo.

Amai oyambitsa nyimbo anaima pa maikolofoni yachitatu yomweyo. Titamvetsela kwaya itapita, mau ao anali kuthetheka ngati chimanga pa chiwaya. Abwana anazula pulagi, n'kuona kubiliwila m'khosi mwake.

"Amake mwana, iyi munaipukuta?"

"Ndinapukuta, abwana. Ndi fumbi la Ogasiti limeneli."

Kumbuyo kwanga mwana anatambasula dzanja, dovu lili chuchuchu, kuti amupatse chinthu chake. Ndinatembenuka msanga ngati ndikufuna thonje.

Abwana anadzudzula fumbi tsiku lonse, mpaka anagula nsalu yotchinga zenela. Kwaya inati kubwelanso n'kutali, nyimbo inatuluka choncho. Mailo, dzulo lomweli, ndinaimva ikulila pa msika, amai aja akuimba ndi mtima wonse pakati pa chimanga changa chokazinga. Ndinayenda nditawelama.

Mano anatuluka anayi, mwana akadali nane ku nchito, ndipo pulagi iliyonse ndimaipukuta kawili. Koma amai aja sanandilakwile kanthu. Ndikanaulula, mwana ndikanamusiyila ndani? Inu amene munabelekapo mwana kumbuyo uku mukugwila nchito ya eni, ndiuzeni, ndinachita bwino kunamizila fumbi?