Ganyu wa Kutsidya kwa Muloza

Bambo anga anabwera kuno ku Mulanje ali mnyamata, akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Anapeza ntchito yothyola tiyi kuesiteti, ndipo dengu analibereka mpaka msana unapindika. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati, komabe ine anandiphunzitsa mpaka Folomu 4. Fizi ikavuta ankagulitsa nandolo yense, ife n'kumadyera chigwada. Nditakhoza mayeso, ankauza aliyense, kutchalitchi ngakhale pamaliro, kuti mwana wawo ndi wophunzira.

Ntchito ndinaifuna. Ndinayenda m'maofesi a kuboma, m'masitolo a pa Thuchila, mpaka ku Limbe. Kulikonse ankangoti, "Tikuimbirani." Kuesiteti kapitawo anandiyang'ana nsapato n'kunena kuti, "Ukalaliki kulibe. Udzabwere mvula ikagwa, tidzakupatsa dengu."

Chilimwe cha chaka chimenecho tiyi anasiya kuphuka, ndipo bambo anawaimitsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Chimanga cha m'kamunda kathu chinali chitatha kale. Tsiku lina m'mawa anandipatsa khasu.

"Tiye tiwoloke," anatero. "Kutsidya kuli ganyu, amalipira chimanga."

Tinawoloka mtsinje wa Muloza kulowa ku Mozambiki, madzi akulekeza m'maondo, n'kuyenda mpaka dzuwa litafika pamutu. Mwini munda anali bambo wamsinkhu wawo, wonenepa, wokhala ndi nkhokwe zodzaza. Analonjerana m'Chilomwe, chomwe ine ndimangomva apo ndi apo. Kenako munthuyo anandigwira dzanja, n'kulitembenuza ngati akusankha mbatata pamsika.

"Manja awa ngolima? Kapena ndi ana asukulu aja?"

"Ayi, amalima uyu," anayankha bambo. "Sukulu sanapite."

Ndinawayang'ana, koma iwo maso anali pansi. Anatiyezera ndime, ndipo tinagalauza mizere sabata yathunthu, tikugona m'chisakasa. Matuza anaphulika m'manja mwanga, mpini n'kumaterera.

Pobwerera, aliyense atasenza kathumba kake, ndinalephera kupirira.

"Bambo, munaneneranji kuti sindinapite kusukulu?"

Anatula katundu pansi pa mtengo wa mango, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Ana asukulu sawafuna kumeneku. Amati amavuta poyeza ndime. Ukanafuna tibwerere chimanjamanja?"

Tinasenzanso timatumba tathu, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso.

Masiku ano miyendo yawo siwalola kuyenda mtunda wautali, choncho ndimawoloka ndekha. M'njira ndimakumana ndi anzanga amene tinkakhala nawo m'kalasi, makasu ali paphewa. Timapatsana moni wachidule, osafunsana zambiri. Mvula ikagwa ndimakalembetsa kuesiteti, chilimwe chikafika amandiimitsa.

Chaka chatha mlongo wanga wamng'ono anasiya sukulu ali Sitandade 7, n'kuyamba kugulitsa nthochi pamsewu. Amayi anandipempha kuti ndimulangize abwerere. Ndinamuitana, tinakhala pakhonde, iye akudikira kuti ndiyankhule. Ndinangomufunsa ngati nthochizo zikuyenda malonda.