Kandolo ka pakhosi panga

Kandolo kamene ndinabooletsa pakhosi ku West Bromwich, kuno ku dziko la azungu, katsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Ndimagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba, ndipo tsiku lachinayi chibooletsereni abwana anakaona pamwamba pa kolala ya yunifomu.

"Nkhalamba ingakukokeni pamenepo poyisambitsa," anatero. "Kachoke kameneko, apo ayi sitikulembaninso pa shifiti."

Mnzanga wachizungu anaima pomwepo, chipini chili waliwali pamphuno, koma palibe anamunena. Iye ntchito ikatha amakapeza ina. Ine viza yanga inamangiriridwa pa nyumba imeneyi, choncho ndinangoti zikomo.

Kandoloka sikavulika ngati ndolo zam'makutu, pakuti tsinde lake lili mkati mwa khungu. Loweruka ndibwerera kwa mayi amene anandiboola kuti akang'ambe pakhosipa. Wandiuziratu kuti chipsera chitsala.