Mpanda wa Ambuya Zelipa

“Munthu akabwera atapanira nkhuku m'khwapa, usamulole kudutsa pachitseko, ngakhale akhale mlongo wako.” Anandiuza mawu amenewa ndi Ambuya Zelipa, mayi wamasiye amene tinkayandikana naye nyumba ku Malama, ine ndili giledi thuu, mbendera yatsopano itangokwezedwa kumene pasukulu. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la bango lauwisi ndi luzi lonyika m'madzi, komanso la madeya a mapira amene ankawaza m'mawa uliwonse akuitana nkhuku zawo ndi mawu osasa.

Kwathu kuchigwa ng'ombe sizikhala chifukwa cha kashembe, choncho nkhuku ndiye chinali chuma chonse cha munthu wopanda mwamuna. Za anthu ena zinkangoyenda m'mudzi, kudya pamtondo pa aliyense. Ambuya okha anazika nsanamira za tsanya, zimene chiswe sichidya, n'kuluka bango lothithikana kuzungulira kadimba kawo ka tsabola ndi mpiru, pansi n'kutchingira minga kuti likongwe ndi ng'azi zisakumbe. Anthu anakwiya. Ankati kumangira nkhuku mpanda n'kunena anzako kuti ndi akuba. Iwo ankangoyankha kuti amene akudzimva kuti watukwanidwa adziwa yekha chifukwa chake.

Munthu mmodzi yekha ankaloledwa kulowamo, ndipo ndinali ine. Anandiphunzitsa mfundo ya luzi la pachitseko, ndipo akapita kumtsinje ndinkathira madzi m'phale la anapiye.

Chaka chimenecho, dzuwa la Okutobala litafika poti nthaka inkawotcha mapazi, chitopa chinalowa m'mudzi. Nkhuku zinkagwetsa mapiko ngati zavala jekete, makosi n'kupindika, madzulo n'kufa. Za Ambuya zokha zinkapalasabe mkati mwa bango. Kuchitsime kunamveka zoti mpandawo uli ndi mankhwala, ndipo azimayi anayamba kubwera mmodzimmodzi ndi nkhuku zawo, kupempha kuti awasungireko. Anawabweza onse. Anabweza ngakhale mkazi wa gemu, mlonda wa nyama zakuthengo, amene anthu ankamuopa chifukwa cha mfuti ya mwamuna wake. Anamuuza kuti mpanda ulibe mankhwala, uli ndi chitseko basi.

Ife tinatsala ndi msoti umodzi, nawonso utayamba kuwodzera. Amayi anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti Ambuya akangopita kumtsinje ndikauponye mkati, ukachira ndi mankhwalawo. Ndinamasula mfundo ija masana dzuwa lili pamutu, n'kuponyamo msotiwo, n'kuimanganso bwinobwino monga anandiphunzitsira.

Sabata isanathe, ndinapeza Ambuya akutola nkhuku zawo zakufa m'mizere ya mpiru n'kumaziika m'lichero. Msoti wathu anali atauika pawokha, pamwamba pa chitsa. Anandifunsa amene anandituma, ine ndinati palibe.

“Ukutchinjiriza amako, zili bwino,” anatero. “Koma luzi ili sudzaligwiranso.”

Sanandimenye, ndipo kwa amayi sanapiteko. Kuchitsime anthu ankaseka kuti mankhwala a nkhalamba asukuluka, tsopano agwetse mpandawo akhale ngati anzawo. Iwo anauyatsa moto okha, utsi wa nthenga n'kudzaza mudzi wonse. M'mawa mwake ndinamva nkhwangwa kuthengo. Anamanga wina kumbali ina ya nyumba, wautali kuposa munthu, wopanda ndi kampata kosuzumirapo, n'kuikamo thadzi limodzi lokalamba lopanda nthenga m'khosi limene linapulumuka. Mazira oti lifungatire anakawatenga okha kutali, ku Jumbe, wapansi, atawakulunga m'gaga. Mvula isanathe munkamveka anapiye.

Anakhala zaka zambiri ndithu, osalola munthu kulowa. Tsiku limene anagwa pakati pa tsabola wawo palibe anaona. Anthu anadziwa patapita masiku awiri, atamva nkhuku zikulira ludzu.

Lero ndine gogo, ndimakhala ndekha kufupi ndi Mfuwe, ndipo mpanda wanga ndi wa waya ndi bango pamodzi. Adzukulu amati ndine wouma mtima chifukwa sindiwapatsa kiyi. Anene. Ine ndikudziwa amene amatsegula chitseko: ndi mwana wabwino, womvera amake, amene umamukhulupirira. Nkhuku ya mphatso sindilandira, ya kutchalitchi kapena ya apongozi, ndipo sindidzagwetsa mpanda wanga kuti ndikondweretse munthu.

Koma miyendo yayamba kundikana. Inu amene mumadutsa njira ya kumsika, muziima panja n'kufuula kuti mwaswera bwanji. Ndikayankha mokalipa, pitirirani ulendo wanu, ndili bwino. Ndikapanda kuyankha, thyolani bangolo, ndipo muyambe mwazipatsa madzi nkhukuzo musanandinyamule.