Bwato Langa ku Kachulu

Ndinaganiza zochoka mwana wanga Asiyatu atangosiya kuyamwa. Bambo ake anali atapita ku Joni ndipo sanamvekenso. Mwanayo ndinamusiya kwa achimwene anga a Yusufu ndi akazi awo. Ndinamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje n'kukwera basi ya ku Limbe.

Kumeneko ndinkachapa ndi kusita m'nyumba ya amwenye ena a sitolo. Sindinkalankhula zambiri. Ndinkagona pamkeka kuseri kwa khitchini, mabere akundiwawabe.

Mnzanga wapantchito, Mayi Luka, ankasunga ndalama ku positi.

"Kumeneko zimaswana, Mariyamu. Iwe ukuzigoneka m'chitini ngati nyemba?"

Ndinangomwetulira. Ashehe kwathu anatiphunzitsa kuti ndalama yobala inzake mwiniwake ali khale ndi riba, ndipo riba ndi haramu, chinthu choletsedwa m'Chisilamu. Sindinafune kuti mwana wanga adye zotere.

Zanga ndinkatumiza kwa achimwene. Tinali titapangana pamaso pa ashehe ndisanachoke: ndalama zanga, manja awo. Agule bwato ndi ukonde wa matemba, phindu tizigawana pakati. Zikavuta, ine nditaye ndalama, iwo ataye thukuta. Ndinkafuna kudzabwerera kwa Asiyatu ndili ndi podalira.

Uthenga unkabwera ndi ogulitsa nsomba kumsika. Poyamba ankati matemba akugwidwa, mwana wanenepa. Kenako anati madzi akuthawa. Kenako ogulitsawo anasiya kubwera.

Nditabwerera ndinapeza nyanja ya Chilwa itaphwa. Bwato linali padoko la Kachulu, pamatope ong'alukang'aluka, ana akuseweramo. Achimwene sanathe kundiyang'ana kumaso.

"Achemwali, ndigulitse mbuzi ndikubwezereni."

"Ayi. Si mmene tinapanganira."

"Nanga zaka zonsezi mwagwirira chiyani?"

Ndinatembenukira ku bwato. Alamu anaitana kumbali ya bwato kuja: "Asiyatu, bwera upereke moni."

Kamtsikana ka masaya odzaza kanatsika, n'kugwada patali monga timachitira ndi alendo. "Muli bwanji?" Katatha, kanathamangira kwa alamu. "Amayi, ndipitenso?"

"Matemba anu aja ndi amenewo," anatero alamu motsitsa mawu. "Masayawo."

Ndinawayang'ana masayawo nthawi yaitali. M'thupi limenelo simunalowe cha haramu ngakhale chimodzi, monga ndinafunira. Ndinadikira misozi koma sinabwere.

Ku Limbe sindinabwerere. Masiku ano ndimaokera mpunga m'minda ya eni ake ku Likangala, ndipo pobwerera ndimadzera pakhomo pa achimwene. Asiyatu amagwadabe patali.