Mapadi amene galu anafukula

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene galu wa aneba anandiyalutsa ku Lufita. Ndinkakhala ndi azakhali, amene kwathuko timawatchula kuti Ankhazi. Ankagulitsa kaunjika pamsika wa pa Boma, ndipo ndi iwo anandigulira mapadi nditangotha msinkhu.

Vuto linali kotaya. Eni nyumba analetsa kuponya m'chimbudzi, ati sawola, dzenje limadzaza msanga. Ndikati ndiwotche, utsi wa pulasitiki unkanditsamwitsa ndi kundiulula kwa aliyense. Choncho ndinkakwirira kuseri kwa nthochi.

M'mawa wina galu uja anafukula, n'kuwamwaza pabwalo ponse, anyamata a kabaza akuseka pamsewu. Ankhazi sanafunse kanthu. Anasolola mphira ya njinga, n'kundikoka tsitsi mpaka pabwalopo.

"Soni ulije, iwe, manyazi ulibe? Magazi ako ukusiyira agalu? Mfiti ikatola, udzabereka chiyani?"

Mphira inalira pamsana, m'miyendo, pakhutu. Nditagwa anandiponda padzanja. Anandiuza kutola ndi manja, limodzilimodzi, mamina ndi magazi a m'mphuno akudontha. Ndinawada tsiku limenelo, sindinama.

Mwezi wotsatira ndinapeza nzeru yachibwana: ngati kutaya ndi mlandu, bola osavula. Padi limodzi ndinkagona nalo, n'kuswera nalonso kusukulu, thukuta lili chuchuchu. Kunayamba kuyabwa, kenako zilonda, mpaka ndinkayenda chotangadza. Thupi litatentha, Ankhazi anaona zilondazo n'kundiwomba khofi.

"Wayamba amuna, eti?"

Kuchipatala namwino anandiyeza, kenako anayang'anitsitsa Ankhazi.

"Yayi, mama, si za amuna izi. Wakhalitsa ndi padi limodzi. Mwanayu akuopa chiyani kusintha?"

Ankhazi sanapepese, sanali munthu wopepesa. Anangosoka tinsalu tochapa, n'kundiponyera pamphasa.

Chaka chatha ndinapita kukawazonda kunyumba yomwe ija, akalamba tsopano. Ndikuwalimira kuseri kwa nthochi, khasu linakoka chinthu choyera. Linali padi langa limene galu uja sanafukule, pulasitiki ili gwa, ngati ndakwirira dzulo. Ndinakhala pansi, dzanja lili pachipsera cha pakhutu.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Akulu anatipatsa chinthu chimene nthaka imakana, moto umakana, chimbudzi chimakana, osatiuza kokasiya. Akulu onse aja analibe yankho, ndiye anamenya mwana. Mwana wanga wamkazi akamasintha, ndimamufunsa poyera ngati ali ndi potaya, ndipo galu akafukula, timatola tonse.