Mabuku Amene Achimwene Ankasuta

Zaka zoyambirira za matipate ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kachebere, ndipo ndinali ndi nthenda ya mabuku. Dalaivala wina wa thiraki, akamadikira mapepala ake paboda, ankandisiyira timabuku tachingerezi tothaitha. Nkhani yake inali imodzimodzi: msilikali wabwera kunkhondo, wapeza zigawenga zalanda mzinda, apolisi adya ziphuphu, ndiye iye yekhayekha n'kuyamba kuzisasantha. Ndinkatikonda zedi, ndisaname.

Vuto linali achimwene anga. Iwo anali msilikali weniweni, analonderapo njanji ku Mozambiki, n'kubwerera kumudzi kudzalima mtedza. Za kunkhondo sankazikamba. Koma fodya! Buku ndikangoliiwala pakhonde, ankang'amba masamba akumapeto n'kupichiramo chingambwe. Ndinkakalipa mpaka thovu kukamwa, iwo n'kumangoti, "Pepala lake n'lofewa bwino, aphunzitsi."

Ndiye Loweruka pabawo, anzanga akati ndiwafotokozere zomwe ndawerenga, mathero ndinkapeka ndekha. Ndipotu ndinkathira tsabola. Zigawenga zanga zinkapsa ndi petulo, anthu n'kumakuwa ndi chimwemwe. Ena ankaloza achimwene amvekere, "Wathu ndi uyu, tsiku lina adzationetsa."

Chaka china gulu la akuba ng'ombe linatisowetsa mtendere. Khola likathyoledwa, ng'ombe zinkawoloka malire, basi zapita. M'mawa wina, nyengo yokumba mtedza, anthu anagwira mmodzi kudambo, bambo wa imvi za apo ndi apo. Ndinamupeza atamangidwa patsinde la mango, tayala lili pambali, botolo la palafini lafika kale. Anthuwo anatumiza mawu kumunda kuti msilikali abwere adzayatse yekha. Ine ndinali pomwepo, ndipo mtima wanga unkavomereza. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Achimwene anabwera khasu lili paphewa, osathamanga. Anatambasula dzanja, anthu n'kuwapatsa machesi mokondwa. Kenaka anakhala pansi pafupi ndi wakubayo, mapewa kugundana.

"Thirani tonse awiri," anatero.

Kunali chipwirikiti. Ena anawatukwana kuti ndi amantha, wina anawagenda ndi chibuluma. Sanasunthe. Anatulutsa tsamba la buku langa m'thumba, anapichira fodya, anasuta theka, linalo n'kumuika womangidwayo pakamwa. Anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, apolisi atafika kuchokera kuboma.

Pobwerera kunyumba ine ndinali nditafufuma ndi mkwiyo.

"Achimwene, anthuwa atimaliza ng'ombe. Inu munamenyako nkhondo, mukuopa chiyani?"

Anaima panjira n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, m'mabuku mwanumo, anthu amene amaphedwa aja amawakwirira ndani?"

Ndinayankha kuti zimenezo salemba.

"Kunjanji kuja sitima ikatenthedwa, okwirira tinali ife," anatero. "Munthu wopsa sanyamulika bwino. Amatsalira m'manja."

Anapukuta zikhato zawo pathalauza pang'onopang'ono, ngakhale zinalibe kanthu, n'kutsogola. Tinakulira m'nyumba imodzi, koma zaka zonsezo sindinawafunsepo kuti kumeneko anakaona zotani. Ndinkathamangira asilikali a papepala, weniweni ndikudya naye m'mbale imodzi.

Loweruka lotsatira pabawo anandiumiriza kuti ndimalize nkhani yomwe ndinaisiya pakati.

"Kumapeto kwake kunang'ambika," ndinatero. "Sindikudziwa mmene inathera."